Phunziro la ulimi: dziwani matenda musanagule botolo

Abale ndi alongo a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkhotakota, Salima, Chipoka mpaka ku Mangochi ndi Makanjira.

Ndikulemba ndili kuno kumtunda, m'dera la Nsaru m'boma la Lilongwe, komwe ndakhala zaka zambiri ndikutsogolera swala komanso kulima. Kwathu kwenikweni ndi ku Nkhotakota, mchombo wanga uli komweko, ndipo mpaka lero ndikaona kondowole ndi usipa wofutsa mtima umakhala m'malo. Masiku apitawa mphwanga wina wa ku Salima anadzandichezera. Atazungulira kuseri kwa nyumba anapeza mphesa zikulendewera pa thandala, ndiye mafunso osatha. Kodi zimenezi zimabereka ku Malawi konkuno? Nanga kunyanja zingachite? Nanga mumapopera mankhwala anji, Shehe?

Funso lachitatuli ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe, chifukwa ndi funso limene tonsefe timathamangira, kaya ndi pa tomato, pa chimanga kapena pa mango. Timafunsa dzina la mankhwala tisanafunse dzina la matenda. Ineyo ndinachitapo zimenezi, ndipo ndinalipira.

Mmene ndinatayira zokolola za chaka chathunthu

Mipesa yanga ndi isanu ndi umodzi basi. Ndinapatsidwa timitengo todula ndi bambo wina wachikulire wa cha ku Namitete, ndinazika m'timachubu, tinaphuka. Chaka choyamba ndi chachiwiri mpesa umangokwera thandala, osabereka zooneka. Chaka chachitatu unaonetsa mitu ya zipatso yambiri ndithu, moti ana a ku madrasa ankachita kudzaiwerenga. Cha mu Seputembala ndinaona masamba ayamba kuyera pamwamba ngati wina wawaza phulusa. Kenako phulusalo linafika pa zipatso zomwe.

Ndinakwera njinga kupita pa msika. Ndinapeza mnyamata wogulitsa mankhwala, mabotolo ali ndandanda pa benchi, ena olembedwa, ena ongothira m'timabotolo ta zakumwa. Ndinamuuza kuti mphesa zanga zagwidwa. Sanafunse kuti zagwidwa ndi chiyani, nanenso sindinatenge tsamba loti aone. Anangoti, "Madala, tengani awa, amapha chilichonse." Anali cypermethrin, amene ambiri a inu mumawadziwa pa thonje ndi pa ndiwo zamasamba. Ndinapopera katatu. Phulusa lija silinasunthe. Zipatso zinauma khungu n'kuyamba kung'ambika, mavu ndi nyerere n'kulowa m'ming'alumo. Pamwamba pa izo, tiakangaude tofiira tinabuka pansi pa masamba, tomwe poyamba kunalibe. Chaka chimenecho sitinalawe ngakhale mutu umodzi.

Mnyamata uja sindimuimba mlandu kwambiri, iye amafuna ya sopo. Wolakwa ndinali ine. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Patapita nthawi ndinatenga masamba ndi mutu umodzi wowonongeka kupita nazo kwa mlangizi wa zaulimi. Anayang'ana ndi kagalasi kokuza zinthu, anaseka pang'ono mwaulemu, n'kundiuza kuti: "A Shehe, mumawombera mfuti pa utsi." Chimene chinagwira mphesa zanga sichinali kachilombo koyenda ndi miyendo ayi. Chinali chuku, mtundu womwewo wa zinthu zimene zimamera pa nsima yogona kapena pa mtedza wonyowa. Mankhwala opha mbozi ndi nsabwe sachita kanthu pa chuku. Chimene ndinapha ndi tizilombo tabwino timene timadya akangaude ofiira aja, n'chifukwa chake akangaudewo anachuluka opanda wowaletsa.

Adani awiri ofanana nkhope

Apa ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona phunziro lonse. Mpesa uli ndi matenda awiri akuluakulu a chuku, ndipo onse amaoneka oyera. Munthu wosadziwa amati ndi amodzi.

Oyamba ndi amene anandigwetsa ine. Pa Chingerezi amati powdery mildew, ine ndimangoti matenda a phulusa. Amakhala pamwamba pa tsamba, pa nthambi zanthete ndi pa zipatso. Mukapukuta ndi chala phulusalo limachoka, koma m'masiku ochepa limabwerera. Chodabwitsa chake n'chakuti safuna mvula. Amakonda nyengo yofunda, malo a mthunzi, pamene masamba athithikana moti mphepo ndi dzuwa sizilowa. N'chifukwa chake kuno amabwera mu Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala kunja kuli gwaa. Inu a kunyanja munawaonapo pa masamba a maungu, pa therere lobala ndi pa maluwa a mango. Si chuku chimodzimodzi ndendende, koma ndi apachibale. Mankhwala ake akale ndi salufa.

Achiwiri amati downy mildew, ine ndimati matenda a mvula. Awa amayamba ngati dontho la mafuta pamwamba pa tsamba, lachikasu. Mukatembenuza tsambalo m'mawa mupeza kunsi kwake kuli ubweya woyera ngati thonje. Amafuna madzi: mvula yausiku, mame ochuluka, masamba osauma msanga. Mvula ikakhazikika mu Disembala ndi Januwale amatha kuyoyola masamba onse, mpesa n'kutsala mbulanda. Pa amenewa salufa sathandiza. Amafuna mankhwala a kopa, kapena mancozeb amene alimi a tomato mumawadziwa ndi dzina loti Dithane.

Mwaona kodi? Tsamba loyera pamwamba nyengo yadzuwa, mankhwala ake ena. Tsamba loyera kunsi nyengo yamvula, mankhwala ake ena. Ndipo pa onse awiri botolo la mankhwala a mbozi ndi kutaya ndalama m'madzi. Kusiyana kwake konse kwagona pa kutembenuza tsamba, ntchito yosafuna ngakhale tambala imodzi.

Chinanso chimene ndinachedwa kuchimvetsa n'chakuti salufa, kopa ndi Dithane ndi mankhwala otchinga, osati ochiza. Ali ngati phula limene mumamata pa bwato lisanalowe m'madzi. Tsamba likadwala kale silibwerera mwakale. Mumapopera pofuna kuteteza masamba amene akadali bwino, ndipo mvula ikatsuka muyenera kubwerezanso monga mwa malangizo a pa chikalata cha botolo.

Azungu nawonso anayamba alira

Musaganize kuti ndi ife tokha osadziwa. Matenda onse awiriwa kwawo ndi ku America. A phulusa anaonekera ku England mu 1845, ndipo m'zaka zochepa anasakaza minda ya mphesa ku France mpaka anthu anatulukira zothira salufa. Cha m'ma 1860 kunabweranso kachilombo kotchedwa phylloxera, kodya mizu, kamene kanapha mipesa yosawerengeka. Anayesa mankhwala osiyanasiyana, ena mpaka kumiza minda m'madzi. Chimene chinawapulumutsa ndi kumezanitsa: kutenga mpesa wawo n'kuulumikiza pa tsinde la mpesa wa ku America umene mizu yake imapirira kachilomboko. Ndi luso lomwelo limene timachita pa mango ndi malalanje.

Matenda a mvula anafika ku France mu 1878. Mu 1882 mphunzitsi wina wa za zomera wa ku Bordeaux, dzina lake Millardet, akuyenda m'mbali mwa munda wina anaona kuti mipesa ya m'mphepete mwa msewu ikadali ndi masamba, pamene ya m'kati yayoyoka. Atafunsa anamva kuti eni munda amawaza madzi a kopa osakaniza ndi laimu pa mizere ya kumsewu, kuti zipatso zizioneka zobiriwira moipa, anthu odutsa asamabe. Mankhwala oopsezera akuba anapezeka kuti akutchinga matenda. Anayesa kwa zaka zingapo, ndipo mu 1885 analengeza. Mpaka lero amatchedwa Bordeaux mixture.

Nkhani imeneyi ndimaikonda chifukwa munthuyo sanayambe ndi botolo. Anayamba ndi maso, kenako funso.

Makomo ogogoda ali kuti?

Kuno kwathu ku Nsaru, Kabudula mpaka ku Nambuma ndi dziko la fodya, chimanga, mtedza ndi soya. Mlimi wa fodya ali ndi omuyendera ambiri: alangizi a ARET, alangizi a makampani ogula fodya, onse amafika mpaka pa nazale. Ku Tanzania, m'chigawo cha Dodoma komwe mphesa ndi mbewu ya malonda ndipo amakolola kawiri pa chaka, alimi ali ndi malo a kafukufuku ku Makutupora oyang'ana za mphesa. Ku South Africa, komwe kumachokera mphesa zambiri zimene mumaziona m'masitolo akuluakulu a mu Lilongwe, ndiye osanena, ana athu ena opita ku Joni amakathera m'minda imeneyo ku Western Cape, ndipo akabwera amasimba. Ife a mipesa isanu ya kuseri kwa nyumba timalowera khomo lomwelo limene amalowera mlimi wa tomato ndi kabichi. Koma khomolo lilipo, ndipo ambirife sitigogoda.

Loyamba ndi mlangizi wa boma wa m'dera lanu. Boma lililonse linagawidwa m'zigawo za ulimi zimene timangoti ma EPA, monga Mpingu kuno kumadzulo kwa Lilongwe, ndipo EPA iliyonse ili ndi alangizi ake m'masekishoni. Ndikudziwa dandaulo lanu: mlangizi saoneka. N'zoona, munthu mmodzi amayang'anira mabanja oposa 1,000, nthawi zina pa njinga yakapalasa. Mukamudikira kuti adzakupezeni pa dimba mudzadikira mpaka mbewu itatha. Mupiteni ndinu. Funsani kwa amfumu kapena kwa mlimi wotsogola wa m'mudzi mwanu tsiku limene amapezeka ku ofesi. Komanso mlangizi amabwera msanga akaitanidwa ndi gulu kusiyana ndi munthu mmodzi. Ife pambuyo pa Juma ina tinalembana mayina anthu khumi ndi awiri olima zipatso ndi ndiwo zamasamba, tinaitana anzathu achikhristu oyandikana nawo madimba, tinasonkha ya mafuta a njinga yamoto, mlangizi anabwera n'kukhala nafe tsiku lonse.

Lachiwiri ndi chipatala cha mbewu. Ntchito imeneyi inayamba m'dziko muno mu 2013 pansi pa pulogalamu ya Plantwise, ya bungwe la CABI mogwirizana ndi Unduna wa Zaulimi, ndipo maboma oyambirira anali Lilongwe ndi Mzimba, kenako inafalikira kwina. Si nyumba ayi. Ndi tebulo, mipando ndi ambulera, kawirikawiri pa tsiku la msika kapena pa EPA. Pamakhala alangizi amene anaphunzitsidwa mwapadera kuzindikira matenda a mbewu, anthu amawatcha madokotala a mbewu. Mumabweretsa mbewu yodwala monga mmene mayi amatengera mwana kusikelo. Amaiyang'ana, amakufunsani mafunso, n'kukulemberani pa pepala chimene chavuta ndi zoyenera kuchita. Pepala limenelo ndi limene mupite nalo kogula mankhwala, ngati mankhwala akufunika n'komwe. Funsani ku EPA kwanu ngati chipatala chotere chimakhalako ndi masiku ake.

Popita musachite zimene ndinachita ine ulendo woyamba, kupita chimanjamanja. Tengani masamba angapo, ena ongoyamba kudwala, ena odwalitsa, ndi limodzi labwino. Ngati ndi tomato kapena mbewu ina yaing'ono, zulani yonse ndi mizu ndi dothi lake. Kulungani m'pepala, osati m'jumbo yomanga n'kuyenda nayo padzuwa, mukafika itaphika. Mukathyole m'mawa wa tsiku lomwelo. Ndipo nenani zoona pa zimene mwapopera kale, ngati n'kotheka tengani botolo lenilenilo. Ambiri timabisa chifukwa cha manyazi, dokotala n'kumalingalira mumdima.

Lachitatu ndi malo a kafukufuku. Pa msewu wa ku Mchinji, musanafike ku Namitete, pali Chitedze, malo akale ndithu, anatsegulidwa mu 1948. Kumeneko kuli akatswiri a matenda ndi tizilombo ta mbewu, ndipo mitundu yambiri ya mtedza ndi chimanga imene timadzala inayesedwa kumeneko. Za zipatso ndi ndiwo zamasamba likulu lake ndi Bvumbwe ku Thyolo. Inu a ku Salima muli ndi Chitala ndi Lifuwu pafupi. Mlimi wamba sayambira kumeneko, koma matenda akamukanika mlangizi, muli ndi ufulu womupempha kuti awapititse kwa akatswiriwo. Makamaka mukaona chinthu chachilendo chimene akuluakulu a m'mudzi sanachionepo, musachisunge. Kumbukirani mbozi zija za fall armyworm: zinangoyamba ngati nkhani ya m'minda ingapo, koma pofika Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi.

Chimene nyanja inationetsa kale

Anzanga a msinkhu wanga a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota, mukukumbukira kodikodi? Cha pakati pa zaka za m'ma 1980 chinangwa chinapinimbira, nsonga zake kukhwinyata, zoyera ngati zathiridwa ufa. Mabanja odalira kondowole anagona ndi njala. Kachilombo kameneko kanachokera ku South America, ndipo kuno kanalibe mdani. Akatswiri a bungwe la IITA ndi anzawo anakafufuza kwawo kwa kachilomboko, anapeza kamavu kakang'ono kwambiri kamene kamaikira mazira m'thupi mwa kodikodi, anakaweta n'kukamwaza m'maiko ambiri a mu Africa kuphatikizapo kuno. Chinangwa chinabwerera. Palibe mlimi anagula botolo.

Ndakumbutsa zimenezi chifukwa mpesa nawo uli ndi kodikodi wake, amabisala pansi pa khungwa ndi m'kati mwa mitu ya zipatso, ndipo nyerere zimamuweta ngati ng'ombe chifukwa cha timadzi totsekemera timene amatulutsa. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa tsinde, tsatirani komwe zikupita. M'munda mwanu muli asilikali amene simuwalipira: timavu, akangaude, tizilombo tija tofiira ta madontho akuda, abuluzi. Mankhwala oti amapha chilichonse amayamba kupha iwowa.

Ntchito ya manja imaposa ya sipuleya

Chiyambire chaka chija, mankhwala amene ndimagula ndi ochepa kwambiri. Ntchito yaikulu ndi ya mpeni.

Mpesa ndimaudulira nyengo yozizira, mu Juni, masamba atayoyoka. Ndimachotsa nthambi zambiri, moti munthu wosadziwa amati ndaupha. Kenako ndimathira manyowa owola bwino ndi kuyamba kuthirira pa tsinde, osati pa masamba. Cholinga chake n'chakuti zipatso zipse mvula isanakhazikike, chifukwa mphesa yakupsa ikamwa mvula imang'ambika n'kuwola. Zodulazo ndi masamba odwala sindisiya pansi pa thandala, ndimakatentha kapena kukwirira kutali.

Thandala likhale pa dzuwa, osati pansi pa mango, ndipo likhale lalitali loti munthu n'kudutsa pansi. Inu mumadziwa kale chifukwa chimene usipa umauma bwino pa thandala kusiyana ndi pa mchenga: mphepo imadutsa pansi ndi pamwamba. Mpesa umafunanso zomwezo. Zipatso zikayamba kukula ndimathothola masamba ena ozungulira mituyo kuti mphepo idutse, ndipo mitu ikachuluka ndimachotsako ina. Zimawawa mtima kudula chipatso chosapsa, koma mitu 20 yabwino iposa 50 yowola.

Chiswe chimadya mitengo ya thandala, ndipo mpesa ukafooka ndi ludzu chimaulowanso. Musaunjike zinyalala zouma mogunda tsinde, siyani mpata, ndipo muziyendera. Za mbalame, makamaka apumbwa, palibe mankhwala, ndipo musayerekeze kuthira poizoni pa chipatso. Apa inu a kunyanja muli ndi mwayi kuposa ife: ukonde wakale umene watha ntchito m'madzi ndi wokwana kuphimba thandala lonse. Ine ndinachita kuitanitsa kwa mlamu wanga ku Nkhotakota. Mitu ina ndimaiveka timatumba ta pepala ikayamba kusintha mtundu, mavu ndi ntchentche za zipatso zimalephera kufika.

Salufa ndimapopera nthambi zatsopano zikatalika ngati chikhatho, ndi kubwereza monga chikalata chanenera. Koma chenjezo kwa inu a kotentha: salufa amawotcha masamba dzuwa likakula, kutentha kukapitirira madigiri 30. Ku Salima ndi ku Mangochi mu Okutobala zimenezo ndi za tsiku lililonse. Poperani kukangocha pambuyo pa swala ya Subuhi, kapena madzulo dzuwa litapepa, ndipo sabata ya kutentha koopsa ingodikirani.

Botolo likafika m'nyumba

Dziko lino lili ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000, ndipo bungwe loyang'anira ndi Pesticides Control Board. Wogulitsa mankhwalawa amayenera kukhala ndi chilolezo, ndipo mankhwala amayenera kukhala m'botolo lake lenileni, lomata, lokhala ndi chikalata. Za m'timabotolo ta zakumwa ndi timapepala topinda, zija amagulitsa pamodzi ndi tameki wa makoswe, zisiyeni. Simudziwa chimene chili m'katimo, simudziwa muyezo, ndipo mwana akamwa mwangozi adokotala sadziwa poyambira.

Pansi pa chikalata pamakhala mzere wa mtundu. Wofiira ndi woopsa kwambiri, kenako wachikasu, kenako wabuluu, wobiriwira ndiye wocheperako ukali. Ngati Chingerezi chikuvutani monga chimandivutira ine, mwana wa sukulu akuwerengereni, makamaka zinthu ziwiri: muyezo, ndi masiku oyenera kudikira kuchokera tsiku lopopera kufika tsiku lokolola. Pa masiku amenewa ndilankhule ngati imamu. Munthu wogula tomato kapena mphesa pa msika sangaone mankhwala ndi maso, wakhulupirira inu. Imeneyo ndi amana. Kupopera lero n'kukagulitsa mawa mukudziwa kuti chikalata chati dikirani masiku 7 kapena 14, ndi chinyengo chofanana ndi kubera pa sikelo, ndipo choposa, chifukwa wodyayo akhoza kukhala mwana kapena mayi woyembekezera. Kuno ndaonanso anthu akutenga mankhwala otsala ku fodya n'kuthira pa mpiru. Fodya sadyedwa ngati ndiwo, abale anga. Mankhwala aliwonse ali ndi mbewu zake zolembedwa.

Tsono nkhani ya madzi, imene ikukhudza inu kuposa ife. Cypermethrin uja ndi abale ake amapha nsomba ngakhale atakhala ochepa kwambiri m'madzi. Kopa nayenso ndi poizoni kwa nsomba. Mukatsuka sipuleya m'khwawa kapena pa dooko, mwathira m'mphika wanu womwe, chifukwa tiana ta chambo timakulira m'madzi osaya a m'mabango momwemo. Tungani madzi mu ndowa, mukatsukire kumtunda kutali ndi chitsime. Botolo likatha litsukeni katatu, madzi otsukirawo muthire mu sipuleya momwemo, kenako libowoleni kuti wina asadzasungiremo mchere kapena mafuta ophikira. Ngakhale mankhwala achikuda si onse ofatsa. Ombwe amathandiza ndithu pa nsabwe za m'masamba, koma inu mukudziwa bwino zimene ombwe amachita akalowa pa dziwe. Nimu, amene amamera bwino kwanuko, ndi wofatsirapo. Ndipo mankhwala a m'munda asayandikire pa nsomba zouma ngakhale ntchentche zitavuta chotani.

Popopera valani malaya a manja aatali, nsapato, ndi chotchinga pakamwa ndi mphuno. Musapopere moyang'anana ndi mphepo, mwera ukamawomba ingosiyani. Mukamaliza sambani ndi sopo musanagwire chakudya, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha.

Funso limene ena amanong'ona

Wina anandifunsapo kuseri kwa mzikiti kuti, "Shehe, mphesa si za vinyo kodi?" Mphesa ndi chipatso cha halali, ndipo Qur'an yolemekezeka imazitchula malo angapo pamodzi ndi tende ndi zipatso zina monga chisomo cha Allah. Choletsedwa ndi kuzisandutsa choledzeretsa, komanso ma ulama ambiri amaletsa kugulitsa mphesa kwa munthu amene ukudziwa kuti akukafulula mowa. Idyani zaziwisi, gulitsani kwa odya, zotsala yanikani zikhale zabibu. Chimanga nachonso ena amaphikira kachasu, koma palibe analeka kulima chimanga.

Nanga kunyanja zingachite?

Ndinamuyankha mphwanga uja mosabisa. Lilongwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, ili ndi miyezi yozizira imene mpesa umapumula. Nyanja ili pansi, mamita osafika 500, kotentha ndi kwa chinyontho. Kumene mvula imagwa yambiri ndi kuchedwa kusiya, monga Nkhata Bay ndi mbali zina za Nkhotakota, matenda a mvula adzakuvutani kwambiri. Kouma monga mbali zina za Salima ndi Mangochi mwayi ulipo, ngati madzi othirira m'chilimwe ali pafupi ndipo dothi silisunga madzi. Koma munthu asagwetse mango ake kapena kusiya mpunga chifukwa cha kalata ino. Yambani ndi mipesa iwiri kapena itatu pakhomo, muione zaka zitatu. Timitengo todzala tengani kwa munthu amene mpesa wake mwauona ndi maso anu ukubereka m'dera lofanana ndi lanu, ndipo muyang'ane pansi pa khungwa kuti musanyamule kodikodi ulendo umodzi.

Mphwanga uja wabwerera ku Salima ndi mitu itatu m'kabasiketi. Timitengo ndamuuza adikire Juni, nthawi yodulira. Ndamupatsanso ntchito: akafike ku EPA ya kwawo, akafunse dzina la mlangizi wa sekishoni yake ndi tsiku limene amapezeka, adzandiuze pa foni. Akapanda kutero timitengo sapatsidwa. Amene mukufuna kuyesa nawo mudzanene kudzera kwa akonzi a kalata ino mwezi wa Meyi usanathe, ndidziwe kuchuluka kwa timachubu tofunika kukonza, Insha Allah.